Moto ukazima, ngozi ya khansa imatsalira kwa ozimitsa moto

KADOMA, Zimbabwe – Nyumba ikayaka ku Ingezi kapena ku Rimuka mumzinda wa Kadoma, anthu amayeza ntchito ya ozimitsa moto poona ngati galimoto yafika msanga ndiponso ngati yabwera ndi madzi. Malawi akazilala, khamu limabalalika poganiza kuti zoopsa zatha. Koma akatswiri a zaumoyo apeza kuti utsi, mwaye ndi fumbi zimene ozimitsa moto amachoka nazo pamalopo zikhoza kuwadwalitsa khansa patapita zaka zambiri.

Mu June 2022, akatswiri 25 ochokera m'maiko 8 anakumana mumzinda wa Lyon ku France pansi pa bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa. Iwo anaika ntchito yozimitsa moto m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, momwenso muli fodya ndi asibesitosi. Mu 2007 bungwe lomweli linangonena kuti ntchitoyi mwina ingayambitse khansa.

Umboni wokwanira unapezeka pa mitundu iwiri: khansa ya chikhodzodzo, ndi khansa yotchedwa mesothelioma imene imagwira kachikopa kokuta mapapo. Panapezekanso umboni wocheperapo wokhudza khansa ya m'matumbo aakulu, ya prostate, ya machende, ya pakhungu, ndi mtundu wina wa khansa ya m'mwanabele. Izi zisanachitike, bungwe la NIOSH ku America linali litafufuza ozimitsa moto pafupifupi 30,000 a m'mizinda ya Chicago, Philadelphia ndi San Francisco, ndipo linapeza kuti imfa za khansa pakati pawo zinali zochuluka ndi 14 pa 100 alionse poyerekeza ndi anthu ena m'dzikolo.

Gwero la vutoli ndi zimene zimapsa. M'nyumba za masiku ano muli mapulasitiki, matiresi a siponji, mawaya a magetsi ndi utoto. Zikamayaka zimatulutsa mankhwala oipa monga benzene ndi formaldehyde. Mankhwala ena amakhala mu mwaye, ndipo kuwonjezera pa kulowa m'mapapo, amalowanso m'thupi kudzera pakhungu, makamaka pakhosi ndi m'manja. Impso zikawasefa, amafika m'chikhodzodzo pamodzi ndi mkodzo.

Ku Zimbabwe kuli chinthu china chowonjezera. Kwa zaka zambiri dzikoli linkakumba asibesitosi ku Zvishavane ndi ku Mashava, ndipo nyumba zochuluka za m'makomboni zinafoleredwa ndi malata a simenti yosakaniza ndi asibesitosi. Denga lotere likakhala lathunthu silitulutsa fumbi lambiri, koma likatenthedwa limasweka n'kumwaza tiulusi tosaoneka ndi maso. Munthu akatipuma, matenda a mesothelioma amatha kuonekera patapita zaka 20 mpaka 50, mwina mwiniwake atapuma kale pantchito. Dziko la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008, komabe malata akale akadalipo pa nyumba zambiri m'chigawo chino.

Nthawi yoopsa imene ambiri saiganizira ndi pamene malawi azima. Ozimitsa moto amafukula zotsalira pofunafuna makala obisika, ndipo chifukwa cha kutentha ndi kutopa ena amavula chigoba chopumira. Koma zinthu zonyeka zimakhala zikutulutsabe mpweya woipa. N'chimodzimodzinso ndi moto wa m'misika ndi kumtaya, monga umene unawononga City Market ku Lusaka mu 2017 ndi Mbare Musika ku Harare mu 2024, kumene katundu wa mitundumitundu amapsera pamodzi kwa maola ambiri.

Njira zina zodzitetezera sizilira ndalama zambiri. Akatswiri amalangiza kuvala chigoba chopumira mpaka ntchito yonse itatha, kupukuta kumaso, pakhosi ndi m'manja musanachoke pamalo a moto, ndi kusamba ndi sopo mwamsanga. Zovala zantchito zizichapidwa pazokha kusiteshoni. Zisamapite kunyumba, kumene zingapatsire mwaye kwa ana ndi kwa wozichapa, ndiponso zisamasungidwe m'chipinda chogona kapena chodyera. Utsi wa dizilo nawonso umayambitsa khansa, choncho injini isamalire m'garaja yotseka.

Kudziwa zizindikiro n'kofunikanso. Magazi mu mkodzo, ngakhale popanda ululu, chifuwa chosatha, kupuma movutikira, kapena chotupa pa machende, n'zifukwa zokwanira zopitira kuchipatala ndi kumuuza dokotala za ntchito imene munthu amagwira. Kwa wodwala wa ku Kadoma kapena ku Chegutu, chithandizo chowotcha khansa m'zipatala za boma chili kutali, ku Parirenyatwa mu Harare kapena ku Mpilo mu Bulawayo, ndipo kuchedwa kumachulukitsa ndalama ndi mavuto.

Palinso nkhani ya chipukutamisozi. Mu 2002 chigawo cha Manitoba ku Canada chinakhazikitsa lamulo loti wozimitsa moto amene wagwira ntchito zaka zokwanira akapezeka ndi mitundu ina ya khansa, matendawo aziwerengedwa kuti abwera chifukwa cha ntchito. Dziko la Australia linachitanso chimodzimodzi mu 2011. Kumene kulibe lamulo lotere, wodwalayo kapena mkazi wake wamasiye ndiye amayenera kupereka umboni, ndipo umboniwo sungapezeke ngati khonsolo sinalembe moto uliwonse umene munthuyo anakazimitsa.

Mu 2022 boma la Zimbabwe linauza makhonsolo kuti alandire galimoto zozimitsira moto zochokera ku Belarus, ndipo mkangano umene unabuka unali wa mtengo wake. Galimoto n'zofunikadi. Koma pokonza bajeti, makhonsolo a m'chigawo chino ayenera kuikamonso zigoba zopumira, zovala zosinthira, malo ochapira, kuyezetsa kuchipatala chaka ndi chaka, ndi kaundula wa ntchito ya wozimitsa moto aliyense.