Injini Ikakalamba: Kuichotsa Kapena Kuikonza?

Aliyense amene amayenda pa mseu wa M5, kuchokera ku boma la Nkhotakota kuloŵera ku Dwangwa, adaonapo timagalimoto tina tating'ono timene timaoloka mlatho wa Bua ngati tikuthaŵa njati. Tilibe buti yapadera, koma chitseko chakumbuyo chotsekukira m'mwamba, ndipo mwini akapinda mipando amaloŵetsamo matumba aŵiri kapena atatu a mpunga. Tina ndi ta mtundu wa Golf timene anyamata athu amabwera nato kuchokera ku Joni. Tina ndi ta Toyota Starlet tochokera ku Japan. Tonseti tsopano takalamba. Utsi wayamba kutuluka kumbuyo, oyilo akutha msanga, ndipo pa chitunda pamene kale timauluka tikuchita kupempha giya yachiŵiri. Tsono mwini wake, atagulitsa mpunga kapena nsomba, amaima pa mphambano: kodi atsitse injiniyo n'kuikamo ina, kapena aikonze yomweyo ndi kuitchuna kuti ibwerere mwakale?

Tiyambe tadziŵa kuti timagalimoto timeneti sitidali wamba ayi. Golf GTI yoyamba idatuluka ku Germany mu 1976 ndi injini ya malita 1.6 ya mphamvu ya mahatchi 110, pamene galimoto yonseyo inkalemera makilogalamu ongopitirira pang'ono 800. Thupi lake lomwelo ndi limene a Volkswagen adapitiriza kupanga ku Uitenhage, m'dziko la South Africa, kuyambira mu 1984 mpaka mu 2009 pa dzina la Citi Golf. Nayo Starlet GT Turbo, ndi mng'ono wake Glanza V amene adalekeka kupangidwa mu 1999, zinkatulutsa mahatchi oposa 130 kuchokera mu kainjini ka malita 1.3 okha, kotchedwa 4E-FTE. Liŵiro lake lidagona pa kupepuka kwa thupi, osati pa kukula kwa injini, ndipo ichi n'chimene ambiri ofuna kusintha injini amaiŵala.

Mwambo wa masiku ano ndi wothamangira ku Lilongwe, kumene ku Malangalanga ndi malo ena amagulitsa mainjini ogwirapo kale ntchito kunja. Mwamboŵu uli ndi chifukwa chake. Ku Japan kuyezetsa galimoto yakale kumadya ndalama zambiri, kotero anthu kumeneko amataya magalimoto akadali ndi moyo, ndipo injini zake zimatipeza kuno. Ukapeza yabwino, makaniko amaiika masiku oŵerengeka, galimoto n'kubwerera pa mseu. Komatu injini yotere ilibe kalata yonena kumene yayenda. Ogulitsa amaitsuka mpaka kuwala, ndipo wogula amaona kunja kokha. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuwonjezera apo, injini ya Glanza imene ikugulitsidwa lero idapangidwa kalekale mofanana ndi imene mukuchotsayo, popeza fakitale idasiya kuzipanga. Mukusinthanitsa nkhalamba yodziŵika ndi nkhalamba yachilendo. Mtengo nawo sulinso wa kale: kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chidakwera.

Ife tikuti, munthu asanatulutse ndalama, injini iyezedwe. Pali kachipangizo kamene makaniko amamangirira pa bowo la pulagi kuti aone mphamvu imene pisitoni ikupanikizira mpweya. Masilinda onse anai ayenera kuŵerenga mofanana, osasiyana kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Silinda imodzi ikatsalira, amathiramo sipuni ya oyilo n'kuyezanso. Muvi ukakwera ndiye kuti maringi adyeka. Ukakhala pomwepo, vuto lili ku mavavu kapena ku gasiketi ya hedi. Zonsezi n'zochizika. Buloko imapita kwa akatswiri a makina ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukakulitsa masilinda ndi 0.25 kapena 0.50 ya milimita, kilanki n'kupalidwa, mapisitoni, maringi ndi mabeyaringi atsopano n'kuloŵa. Ntchitoyi, imene amakaniko amati ovaholo, ndi yochedwa ndiponso yofuna ukhondo; mchenga wa kunyanja ukaloŵa pa beyaringi pomanga pansi pa mtengo wa mango, ndalama zonse zapita. Koma ikachitika bwino mwini amadziŵa chilichonse chimene chili m'mimba mwa galimoto yake.

Pali chinthu china chimene anthu a kunyanja sachiganizira, chonsecho chili kumbali yawo. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malaŵi, kumene Bua amathira madzi ake, ili pa mamita ngati 475 okha. Mpweya wa kuno ndi wolemera kuposa wa ku Joni, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 alionse amene yakwera. Ndiye kuti Golf ikangotsika kuchokera ku Joni kufika pa Bua yapata kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a mphamvu zake, kwaulere. Vuto n'lakuti kabureta imene idatchunidwa kumtunda kuja imapereka petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya wochuluka wa kuno, nayo taimingi ya moto imakhala itatsogola. Zotsatira zake injini imatentha, imalira ngati mwaponyamo timiyala mukaponda mafuta pa chitunda, ndipo m'kupita kwa nthaŵi pisitoni imapsa pamutu. Mwini amati injini yatha, pamene idangofuna kusintha majeti a mu kabureta ndi kubweza taimingi pang'ono.

Petulo wathu nayenso ali ndi khalidwe lake. Kuyambira mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa, pamtunda pang'ono chabe kuchokera pa Bua, yakhala ikutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ethanol ameneyu, yemwe kunena zoona ndi mbale wake wa kachasu, amasakanizidwa ndi petulo. Kumbali ina iye ndi bwenzi la injini yothamanga chifukwa sapsa msanga nthaŵi isanakwane. Kumbali ina amafuna kuti mafuta aziloŵa ochulukirapo pang'ono, amakoka chinyezi, ndiponso amadya mapaipi a labala akalekale. Wotchuna injini kuno asinthe mapaipi amenewo ndi sefa ya petulo asanayambe kulota za liŵiro. Radiyeta nayo itsukidwe, fani izizungulira pa nthaŵi yake, pakuti dzuŵa la Okutobala ku Nkhotakota silinyengerera munthu kapena chitsulo, makamaka pokwera mapiri a mseu wa ku Kasungu wodutsa m'nkhalango ya nyama.

Eni a Starlet ya tebo ali ndi chiyeso chawochawo. Pali amisiri amene amaseŵera ndi kapaipi ka pa tebo kuti ipanikize mpweya koposa muyeso wa ku fakitale. Galimoto imasandukadi mphenzi, koma popanda kuwonjezera mafuta ndi kuziziritsa mpweyawo, maringi ndi gasiketi sizikhalitsa. Walira mvula walira matope.

Sitikunena kuti kusintha injini n'kulakwa nthaŵi zonse. Buloko ikang'aluka, kapena ndodo ya pisitoni ikathyoka n'kuboola m'mbali, palibenso chokonza. Zoterezi zimachitika kaŵirikaŵiri galimoto ikamwa madzi, pakuti madzi sapanikizika monga mpweya. Amene adayesa kuoloka pamene madzi adasefukira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024 adaika injini zawo pa chiswe chotere, ndipo timagalimoto tafupitu ndi timene timamwa msanga. Zikatero injini ina ifunike ndithu, koma ikhale ya m'banja lomwelo. Citi Golf imalandira bwino injini ya malita 1.8, ngakhalenso ya malita 2.0 ya mavavu 8 yochokera mu Golf kapena Jetta yachitatu, chifukwa zonsezo n'zapachibale. Starlet imalandira 5E ya malita 1.5 ya mu Tercel kapena Raum. Kupitirira apo mavuto amachuluka: zomangira injini ziwotcheredwe zina, giyabokosi ndi mashafuti sizigwirizana, mawaya ndi kompyuta zifunika zake, ndipo kachipangizo kamodzi kakafa pa Bua, galimoto idzagona pa chitsa kudikira basi ya ku Lilongwe. Injini yolemera imaweramitsanso mphuno ya galimoto, n'kuichititsa kukana kukhota. Mabuleki amene adapangidwira mahatchi 70 sangaimitse mahatchi 150 pa mseu wodzaza ndi njinga, akabaza, mbuzi ndi ana a sukulu monga uwu wa kunyanja.

Chotsala ndi cha malamulo. Nambala ya injini idalembedwa mu buluu buku ya galimoto. Wosintha injini asunge lisiti yoonetsa kumene adaigula, ndipo akadziŵitse a ofesi ya Road Traffic kuti nambala yatsopano ilembedwe. Apo ayi adzavutika pa nthaŵi yoyezetsa galimoto kapena poigulitsa, ndipo apolisi ali ndi ufulu wofunsa ngati injiniyo siyakuba. A inshuwalansi nawonso auzidwe, chifukwa ngozi ikachitika iwo amayamba aŵerenga manambala asanaŵerenge ndalama.