Zisudzo za Othawa Kwawo ndi Bwalo la kwa Kachindamoto

Zisudzo ndi imodzi mwa njira zomwe anthu othawa nkhondo amafotokozera eni dziko zomwe zidawaonekera. Munthu amene adaona mudzi wake ukuyaka moto kawirikawiri amasowa poyambira akafunsidwa maso ndi maso mu ofesi kapena pamsonkhano. Nkhani yomweyo ikavekedwa dzina la munthu wongopeka, mwini wake amatha kuisewera pabwalo mpaka kumapeto, ndipo oonera amaimva popanda kumuloza chala.

Kwa Inkosi Kachindamoto, kunsi kwa mapiri a Dedza, kulandira obwera kudayamba kalekale. Achewa a m'chigwachi adakhalira limodzi ndi Ayao, kenako kudafika Angoni a Kachindamoto omwe adatsika kumtunda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 atasemphana ndi abale awo a kwa Gomani, nakhazikika ku Mtakataka. Mu 1902 ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Mua. Ambiri mwa alendowa adatulukira m'bwalo la gule wamkulu. Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, amavina monyada; Maria adachokera ku chiphunzitso cha amishoni; ngakhale galimoto ili ndi chilombo chake. Ku Chamare Museum, pa Kungoni Centre yomwe Bambo Claude Boucher, odziwika kuti Achisale, adayambitsa mu 1976, kuli nkhope za gule mazanamazana, ndipo zingapo mwa izo zimakamba za obwera. Gule ndi mwambo wa mizimu, ndipo eni dambwe sangalole kuti atchedwe sewero. Komabe amaonetsa nzeru yakale ya dera lino: mlendo wosamvetsetseka amaikidwa pakati pa bwalo, anthu namuyang'anitsitsa, kumuseka, kumuopa pang'ono, mpaka kumuzolowera.

Boma la Dedza lidalandiranso khamu la othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo kuyambira cha mu 1986. Pofika mu 1992 m'Malawi mudali anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Ambiri mwa omwe adalowera ku Dedza ndi ku Ntcheu adali a ku Angonia, olankhula Chichewa, ena a mfunda umodzi ndi eni mudzi, motero sipadafunike womasulira. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri adabwerera kwawo m'zaka zochepa zotsatira.

Othawa kwawo a masiku ano ndi osiyana. Amachokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ochepa ku Ethiopia ndi Somalia, ndipo amalankhula Chiswahili, Chifalansa, Kirundi kapena Kinyarwanda. Amasungidwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, pamalo omwe padali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu Banda, asanasanduke msasa mu 1994. Malowa adakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma tsopano muli oposa 50,000. Mu 2014 wolakatula ndakatulo wa ku Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wotchuka ndi dzina loti Menes La Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mkati mwa msasawo. Polowa salipiritsa. Pamakhala nyimbo, magule, ndakatulo ndi zisudzo, ndipo alendo ena amagona m'nyumba za mabanja a othawa kwawo. Amalawi ambiri adaponda ku Dzaleka koyamba chifukwa cha chikondwererochi.

Luso lopanga sewero lokambirana ndi oonera lili ndi mbiri yake m'dziko muno. Gulu loyendayenda la zisudzo la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, lidapita nalo kumidzi m'zaka za m'ma 1980, ku Mbalachanda ndi ku Liwonde, pa nkhani za ulimi ndi zaumoyo. Osewera amayamba akhala kaye pakati pa anthu, kumvetsera zomwe zikukambidwa pa chigayo, pa msika ndi pamaliro. Sewero amaliumba kuchokera pa zomwe amvazo, osalemba mawu oloweza, ndipo amalionetsa pansi pa mtengo anthu atazungulira.

Mwachitsanzo, sewero likhoza kuchitikira pa mjigo. Mayi wobwera, wosadziwa Chichewa, waika ndowa yake patsogolo pa zigubu zomwe zandandalikidwa kuyambira mbandakucha. Mkangano wabuka, wina wakankha ndowayo ndi phazi. Apa wotsogolera amaimitsa sewero n'kutembenukira kwa oonera: “Inu amayi, mukadakhala pamjigopa, mukadatani?” Wina amati mlendoyo ndi wamwano, wina amati adangosowa womuuza. Wotsogolera amaitana mmodzi mwa iwo kuti alowe m'bwalo ndi kuonetsa mmene akadachitira. Kenako sewero limabwerera m'mbuyo, kuonetsa mayi uja akuthawa usiku mwana ali kumsana, ndi chifukwa chake sangathe kusiya anawo okha m'nyumba kwa nthawi yaitali. Oonera aja amakambirananso, koma tsopano akumudziwa amene akumuweruzayo. Mphamvu ya njira imeneyi yagona pa kulowa kwa oonera m'bwalo. Sewero longoonetsa misozi anthu atakhala chete limabweretsa chisoni cha tsiku limodzi basi.

Ntchitoyi imafuna kusamala kwambiri. Ndi kulakwa kukakamiza munthu kusewera zoopsa zomwe adaziona pofuna kusangalatsa opereka thandizo. Ena adathawa anthu omwe akuwasakabe, choncho mayina enieni, zithunzi ndi mavidiyo a pa Facebook zikhoza kuwaika pa ngozi. Madandaulo a eni mudzi nawo ayenera kulowa m'sewero mosabisa: nkhuni zomwe zikutha, malo olima, ndi mpikisano wa malonda m'magolosale. Akasiyidwa kunja, oonera amazindikira msanga kuti abwera kudzalalikidwa, ndipo amayamba kuchoka mmodzimmodzi.

Chopinga chachikulu ndi lamulo. Pansi pa ndondomeko yomwe boma limatsata kuchokera pa lamulo la othawa kwawo la 1989, anthuwa amayenera kukhala mu msasa. Mu May 2023 apolisi adagwira ambiri omwe amakhala ndi kuchita malonda m'matauni, makamaka ku Lilongwe, n'kuwabwezera ku Dzaleka. Choncho gulu la zisudzo la mu msasamo silingangonyamuka kukasewera pa msika wa Golomoti kapena pa chikondwerero cha chikhalidwe chomwe Kungoni imachititsa ku Mua, komwe magule a Achewa, Angoni ndi Ayao amakumana pabwalo limodzi. Liyenera kupeza chilolezo chotulukira kwa oyang'anira msasa, ndalama ya galimoto, womasulira wodziwa Chiswahili ndi Chichewa, komanso mawu a mfumu ya mudzi womwe bwalolo ndi lake.