Manambala a Pamsana pa Kamba

Anthu a ku China ali ndi nthano yakalekale yonena kuti m'masiku a mfumu Yu, kamba adavuuka mu mtsinje wa Luo ali ndi timadontho pamsana pake. Timadonthoto tidaima m'magulu asanu ndi anayi, ndipo powerenga anthu adapeza manambala oyambira 1 kulekeza 9. Chodabwitsa chinali chakuti mzere uliwonse, kaya wopingasa, wotsika kapena wodutsa pangodya, unali kukwana 15. Chithunzi chimenechi amachitcha Lo Shu.

Tsono inu awerengi, lembani bwalo la tizipinda tisanu ndi tinayi, titatu m'litali titatu m'lifupi, ndipo muikemo manambalawo, iliyonse kamodzi kokha, kuti mizere yonse ifanane. Ambiri akapatsidwa ntchitoyi amayamba kulota, kulemba ndi kufufuta mpaka pepala kubooka. Koma dziwani kuti njira zoyalira manambalawa zilipo 362,880, ndipo zolondola ndi 8 zokha. Munthu woyesa njira imodzi pa mphindi iliyonse, usana ndi usiku osagona, angathe masiku 252 kuti aziyese zonse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tidekhe, tiganize.

Funso loyamba nali: kodi 15 achokera kuti? Tikaphatikiza manambala onse kuyambira 1 mpaka 9 tipeza 45. Popeza mizere yopingasa ndi itatu, ndipo iyenera kulingana, tigawa 45 patatu ndi kupeza 15. Palibe nambala ina imene ingatheke.

Funso lachiwiri: pakati tiikepo chiyani? Pa kachipinda kapakati pamadutsa mizere inayi: wopingasa, wotsika, ndi iwiri ya pangodya. Yonse pamodzi ikwana 60. Mizere inayi imeneyi ikhudza kachipinda kalikonse ka m'mbali kamodzi, koma kapakati ikakhudza kanayi. Ndiye kuti mu 60 muja muli 45 wa manambala onse, ndiponso nambala yapakati yobwerezedwa katatu. Tikachotsa 45 patsala 15, ndipo 15 kumugawa patatu ndi 5. Chotero pakati mpa 5, ndipo sitinafufute kanthu.

Funso lachitatu: nanga 9 akhale pati? Kuti 9 akwane 15 asowa anzake awiri okwana 6. Oterewa ndi 1 ndi 5, kapena 2 ndi 4 basi, chifukwa 3 sangalembedwe kawiri. Koma kachipinda ka pangodya kali pa mizere itatu, pamene 9 ali ndi njira ziwiri zokha. Kaamba ka ichi, 9 sangakhale pangodya. Timuike pakati pa mzere wapamwamba, ndipo 1 apite pakati pa mzere wapansi, moyang'anana naye.

Zotsalazo zidzilemba zokha. M'mbali mwa 9 muyenera kukhala 4 ndi 2. Tiike 4 kumanzere, 2 kumanja. Mzere wochokera pa 4 kudutsa pa 5 ufuna 6, ndipo wochokera pa 2 ufuna 8. Pansi pa 4 pasowa 3, pansi pa 2 pasowa 7. Bwalo lathu latha motere:

4 9 2
3 5 7
8 1 6

Mayankho ena 7 aja ndi bwalo lomweli litatembenuzidwa kapena kuonedwa pagalasi.

Nzeru yomweyi ndiyo imagwira ntchito pa Sudoku, masewera a tizipinda 81 amene adayamba kusindikizidwa ku America m'chaka cha 1979, nalandira dzina lakeli ku Japan, nafala ponseponse nyuzipepala ya The Times ya ku London itayamba kuwasindikiza mu 2004. Kumenekonso mzere uliwonse umakwana 45, ndipo katswiri safunsa kuti, "Kodi pano pangalowe chiyani?" yekha, koma afunsanso kuti, "Kodi nambala iyi yaletsedwa pati?" Akatseka malo onse oletsedwa, otsalawo ndiwo yankho.

Kwa aphunzitsi tinene ichi: mwana amene wapeza yankho mwamwayi sanaphunzire kanthu, pakuti mawa mukasintha manambala adzayambanso kufufuta. Mufunseni chifukwa chimene waikira 5 pakati. Akatha kulongosola, ndiye kuti masamu amulowa, ndipo pamayeso sadzanjenjemera akaona funso lachilendo. Inunso amene mwatsiriza sukulu, musaike ubongo padera pamodzi ndi yunifolomu. Pepala ndi pensulo nzokwanira kuunola.

Nayi ntchito ya kunyumba. M'chaka cha 1514, mmisiri wa zojambula wa ku Germany, Albrecht Dürer, adaika m'chithunzi chake china bwalo la tizipinda 16, la manambala oyambira 1 kulekeza 16. Musanalembe nambala ndi imodzi yomwe m'bwalomo, pezani kuti mzere uliwonse uyenera kukwana zingati. Tidzayambira pamenepo m'gawo lotsatira.