Mbiri ya malo opulumutsira anthu a m'sitima zosweka panyanja

M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, pamene sitima zapamadzi zinkayendera matanga ndi mphepo, ngozi zambiri zinkachitika pafupi ndi mtunda, pomwe pamakhala matanthwe ndi milu ya mchenga yobisika pansi pa madzi. Namondwe akamaomba molunjika kumtunda ankaikankhira sitima pamalo osaya mpaka kutitimira, ndipo mafunde ankaiphwanya pang'onopang'ono anthu a m'midzi yapafupi akuonerera. Anthu olimba mtima analipo ambiri m'midzi ya asodziyo, koma panalibe boti lopirira mafunde, chingwe chofika kutali, ndi gulu lophunzitsidwa lokhala tcheru usana ndi usiku, ndipo mbiri ya malo opulumutsira anthu m'magombe ndi mbiri ya mmene zinthu zitatuzi zidapezekera, nthawi zambiri anthu atafa kale.

Mu 1789 sitima yotchedwa Adventure idasweka pomwe mtsinje wa Tyne umathirira m'nyanja, kumpoto chakummawa kwa England, ndipo khamu la anthu lidaona amalinyero akugwera m'madzi popanda wowathandiza. Akuluakulu a ku South Shields adakonza mpikisano wa mapangidwe a boti lopulumutsira anthu, ndipo mu 1790 Henry Greathead adakhoma boti lotchedwa Original, losongoka mbali zonse ziwiri kuti opalasa athe kubwerera m'mbuyo osalitembenuza pakati pa mafunde. Adalimata ndi khungwa lopepuka la mtengo, lija amapangira zotsekera mabotolo, kuti lisamire ngakhale litadzaza madzi. Vuto lomwe lidatsala linali kugubuduzika, ndipo litagubuduzika boti la ku South Shields mu 1849 n'kupha anthu 20 mwa 24, padachitika mpikisano wina womwe James Beeching adapambana mu 1851 ndi boti lodzitembenuza lokha. Nzeru yake njosavuta kumva: pansi pa boti amaikapo chitsulo cholemera, pomwe kutsogolo ndi kumbuyo amaikako mabokosi okwezeka odzaza mpweya, kotero kuti likagadabuzika chitsulo chimakokera pansi, mpweya n'kukankhira m'mwamba, boti n'kukhalanso chilili.

Boti labwino lopanda eni ake limangoolera m'shedi, ndipo yemwe adaona zimenezi msanga anali Sir William Hillary wa ku Douglas, pachilumba cha Isle of Man, yemwe ankapita iye mwini kukapulumutsa anthu. Pa 4 Malichi 1824 pempho lake lidabala bungwe lomwe kuyambira 1854 limatchedwa Royal National Lifeboat Institution. Bungweli limayendera zopereka za anthu akufuna kwabwino, ambiri mwa olowa m'maboti ake ndi odzipereka osalandira malipiro, ndipo pofika 2024 linali litapulumutsa anthu oposa 146,000 ku Britain ndi ku Ireland.

Pomwe mafunde sankalola boti kutuluka, chingwe ndicho chinkagwira ntchito. George Manby, ataona sitima ya Snipe ikuonongeka pafupi ndi gombe la Great Yarmouth mu 1807, adakonza kamzinga koponya chipolopolo chomangidwa ku chingwe chopyapyala, chomwe chinkagwera pamwamba pa sitima yotitimira. Amalinyero ankakoka chingwecho mpaka chingwe chachikulu chitawafika, n'kuchimanga ku mlongoti, ndipo pambuyo pake padabwera kabudula wa nsalu yolimba wosokerera ku mkombero woyandama, momwe munthu ankalowetsa miyendo n'kumakokedwa m'malere, mmodzimmodzi, mpaka kumtunda.

Ku America boma lidakhazikitsa nthambi ya United States Life-Saving Service mu 1878 motsogozedwa ndi Sumner Kimball, ndipo alonda ake ankayenda pansi m'gombe usiku wonse, n'kupatsana tizitsulo ndi anzawo a pamalo oyandikana ngati umboni woti afikadi kumalire. Malo a Pea Island ku North Carolina ngofunika kuwatchula mwapadera, chifukwa mu 1880 Richard Etheridge, yemwe adabadwira mu ukapolo, adakhala munthu wakuda woyamba kuyang'anira malo otere, ndipo gulu lake lonse linali la anthu akuda. Mu Okutobala 1896 sitima ya E. S. Newman itatitimira pa namondwe woopsa, madzi adasefukira m'gombe moti panalibe pouma poika mzinga. Etheridge adamangirira anyamata ake awiri ku chingwe chimodzi, iwo n'kusambira kukafika kusitima, ndipo mosinthanasinthana adatulutsa anthu onse asanu ndi anayi. Boma lidawapatsa mendulo yagolide mu 1996, patatha zaka 100 onse atamwalira kale, kuchedwa komwe kukusonyeza mmene tsankho linkaphimbira ntchito ya anthu akuda.

Opulumutsa adazindikiranso kuti munthu wogwera m'nyanja yozizira amaphedwa ndi zambiri kuposa kumwa madzi. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndipo m'mphindi yoyamba thupi limadzidzimuka, munthu amakoka mpweya mosafuna n'kuyamba kupuma mwawefuwefu, zomwe zimalowetsa madzi m'mapapo ngati mutu wamira. Pakapita mphindi khumi kapena kuposerapo, manja ndi miyendo zimafooka moti ngakhale katswiri wosambira amalephera kugwira chingwe chomwe amuponyera. Pambuyo pake kutentha kwa mkati mwa thupi kumatsika mpaka pansi pa madigiri 35, munthu amasokonezeka mutu, amawodzera, mpaka mtima umaima. N'chifukwa chake bungwe la Massachusetts Humane Society lidayamba mu 1787 kumanga tinyumba m'magombe akutali, momwe ankasiyamo nkhuni ndi udzu, poti ambiri ofika kumtunda ali moyo ankafa ndi chisanu kusanache.

N'chifukwa chakenso chovala choyandamitsa munthu chili chofunika kuposa luso losambira, popeza chimasunga pakamwa ndi mphuno pamwamba pa madzi mphamvu zikatha. Kaputeni John Ross Ward adakonza chovala chotere mu 1854 ndi khungwa lopepuka lija, koma opalasa ambiri ankachikana kuti chinkawapinga pogwira nkhafi. Pa 9 Febuluwale 1861 boti lopulumutsira anthu la ku Whitby lidagubuduzika, amuna 12 adamira, ndipo yemwe adapulumuka anali Henry Freeman yekha, yemwe adavala chovala chatsopanocho.

Ntchitoyi yatenga miyoyo ya opulumutsa ambiri. Mu Disembala 1886 amuna 27 a ku Southport ndi St Annes adafa pofuna kuthandiza sitima ya Mexico, yomwe anthu ake 12 adapulumutsidwa ndi boti la ku Lytham, ndipo mu 1981 anthu asanu ndi atatu a boti la Solomon Browne la ku Penlee adafera limodzi ndi omwe ankawapulumutsa. Ku South Africa nako bungwe la National Sea Rescue Institute lidayamba mu 1967, asodzi 17 atamira ku Stilbaai chaka chapitacho.

Nyanja ya Malawi ili ndi mbiri yake yowawa, chifukwa pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya idagubuduzika pa namondwe kumpoto kwa nyanjayi ndipo anthu 145 adafa. Madzi a m'nyanjayi ngofunda poyerekeza ndi a ku Whitby, koma mwera ukaomba mafunde amakula, ndipo munthu wotopa amamira chimodzimodzi. Eni maboti, makomiti a m'magombe ndi akuluakulu oyang'anira maulendo apamadzi aonetsetse kuti aliyense wokwera boti wavala chovala choyandamitsa boti lisananyamuke, ndiponso kuti pa doko lililonse lalikulu pali boti la injini, mafuta ake, ndi anthu ophunzitsidwa kupulumutsa anzawo.