Mafuta Obisika Pansi pa Nthaka

Anthu ambiri akamva kuti ntchito yanga ndi yoyeza dothi ndi madzi a pansi pa nthaka pofunafuna mafuta a galimoto otayika, amayesa kuti nzeru yonse yagona m'makina a m'labotale. Koma ine ndinena kuti gawo lalikulu la choonadi limapezeka kapena kutayika pamalo pomwepo, botolo lisanafike n'komwe kwa makinawo.

Thanki ya pamalo omwetsera mafuta imakwiriridwa pansi, ndipo ikadyedwa ndi dzimbiri, kapena paipi yake ikang'aluka, petulo amadontha mwakachetechete zaka ndi zaka, nalowerera m'dothi kufikira atapeza madzi. Popeza ndi wopepuka, samira ayi, koma ayandama pamwamba, pamene zina za m'kati mwake zisungunuka ndi kutsagana ndi madziwo kulikonse apita. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ngakhale pansi pa nthaka ali nazo njira zawo. Chifukwa chake sitiboola chisawawa. Timaboola tizitsime tosachepera titatu, pakuti tiwiri sitingatiuze kumene madzi alowera, ndipo tikayeza pamene madzi alekeza m'kalikonse, timadziwa mbali ya kumunsi, kumene chitsime cha anthu chingakhale pangozi. Dothi lotuluka poboola timalinunkhizitsa kachipangizo ka m'manja kotchedwa PID, kamene kamangotilozera poyenera kutapa.

Potunga madzi ndi pamene pagona luso. Tiyamba tapopa madzi ogonera m'chitsimemo, kenaka tidzaza kabotolo ka galasi ka mamililita 40 mpaka madzi atatumphuka pakamwa, titseka, tikazondotsa, tiyang'anitsitsa. Tikaona kathovu ka mpweya ngakhale kamodzi, titaya ndi kutunganso. Benzene, amene timamuopa koposa mu petulo chifukwa amayambitsa khansa ya m'magazi, sachedwa kuuluka. Akathawira m'kathovuko, kapena botolo likatenthedwa panjira m'malo mokhala pa ayezi, makina adzachitira umboni wonama kuti madziwo ndi oyera, ndipo amayi adzapitiriza kumwetsa ana awo ndi mtima wokhazikika. Ichi ndicho chimene chimandisowetsa mtendere ndikaona ntchito yochitidwa mothamanga.

Bungwe la WHO linaika malire a benzene m'madzi akumwa pa mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi, ndiko kunena kuti supuni yaing'ono ya tiyi yodzaza benzene ingaipitse malita oposa 400,000. Pa mlingo wotere mphuno siimva kanthu, ndipo klorini amene timathira m'ndowa samuchotsa. Taonani zimene bungwe loona za chilengedwe la UNEP linalengeza m'chaka cha 2011 litafufuza dera la Ogoni ku Nigeria: ku Nisisioken Ogale anthu ankamwa madzi a m'zitsime okhala ndi benzene wochuluka kuposa malirewo ka 900, ndipo pamadzi a pansi pa nthaka panayandama mafuta ochindikala masentimita 8. Ofufuzawo anati kukonzanso deralo kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Kwa iwo amene zitsime zawo zayandikana ndi matanki otere m'matauni athu, ndipempha kuti asakhutire ndi kuyeza kamodzi. Madzi a pansi amakwera m'dzinja natsika m'chilimwe, ndipo potero amapaka mafuta m'dothi, nawatsukanso mvula ikabwera, kotero kuti chitsime chopezeka bwino mu Okutobala chiyenera kuyezedwanso mu Febuluwale.