Mpamba wina ukugona ku penshoni

M'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula, geni ikagwa ambiri amathamangira kwa akatapila kapena ku banki m'khonde. Komatu pakati pa ogulitsa mlamba wowamba, mbuzi ndi kaunjika pali amasiye ndi ana a aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amene ndalama za malemu awo sizinatengedwe. Ena sadziwa n'komwe kuti ziliko. Ena anayendera kawiri, thiransipoti itatha anangozisiya.

Chosokoneza n'chakuti penshoni ya m'boma ili ndi makomo awiri. Ogwira ntchito akale ali pa dongosolo lakale, lomwe boma limalipira lokha kudzera ku ofesi ya Accountant General, ndipo fayilo imayambira ku unduna kapena ku khonsolo kumene munthuyo ankagwira. Achinyamata, amene mu 2017 anali ndi zaka 35 kutsika m'munsi, komanso olembedwa pambuyo pake, amasonkha ku Public Service Pension Trust Fund. Wogogoda khomo lolakwika amauzidwa kuti dzinalo palibe, iye n'kubwerera akuganiza kuti ndalamayo inadyedwa.

Lamulo la penshoni, lomwe linayamba mu 2011 ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023, limati wolemba ntchito azisonkha K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito K5. Ngakhale amene anagwira zaka zitatu zokha n'kusiya kuti ayambe geni ali ndi kenakake m'thumbamo, ndipo sikafa chifukwa choti anachoka. Izi zikukhudzanso omwe anagwirako m'makampani, monga a m'minda ya nzimbe.

Nkhani yaikulu ndi ya fomu imene wantchito amalembapo anthu odzalandira iye akamwalira. Ambiri anailemba tsiku loyamba ntchito, asanakwatire, osaikonzanso. Maliro akachitika, mkazi ndi ana amapeza kuti pafomupo pali mayi ake a malemu okha, mwinanso nawo anatsogola kale. Apa ndi pomwe mafayilo amakhalitsa. Ogulitsa amene amuna kapena akazi awo akadali pantchito angachite bwino kufunsa za fomuyi lero, ngakhale nkhani yake ndi yosakoma pa nthawi ya nsima.

Kuchigwa kuno palinso vuto la madzi. Kusefukira kwa 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anakokolola mapepala a mabanja ambiri. Kutayika kwa mapepala sikufafaniza ndalama. Chofunika kwambiri ndi nambala ya ntchito ya malemu, yomwe imapezeka papepala lililonse la malipiro kapena ku ofesi yoona za ogwira ntchito kukhonsolo. Chiphaso cha unzika ndi kalata ya imfa zimachokera ku NRB, ndipo ofesi ya DC ku Chikwawa kapena ku Nsanje imathandiza pa za chuma cha masiye.

Adobadoba olonjeza "kukankha fayilo" akapatsidwa kangachepe sasowa. Ndalamayo bola ipite ku fotokope: pepala lililonse loperekedwa ku ofesi lizikhala ndi linzake kunyumba, ndipo tsiku ndi dzina la wolandira zilembedwe m'kope la geni. Fayilo ya m'boma ikangokhala osayenda, dandaulo limapita kwa Ombudsman, ndipo ndi laulere. Ngati vuto lili ndi kampani yosunga penshoni, woidandaulira ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank.