Mtolankhani ndi Masiku a Chisankho

Iwo amene adali akulu msinkhu chisanafike chaka cha 1993, pamene Amalawi adaponya voti ya riferendamu pa 14 June nasankha ndale za zipani zambiri, akukumbukira kuti wailesi m'dziko muno idali imodzi, ndi kuti munthu wofuna kumva zoona za dziko lake lomwe ankatchera khutu ku mawailesi akunja usiku, chitseko atatseka. N'chifukwa chake olemba Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 sadaiwale atolankhani: ndime 36 ikuwapatsa ufulu wolemba ndi kufalitsa nkhani mopanda choletsa, ndipo ndime 37 ikupatsa munthu aliyense ufulu wodziwa zimene boma likusunga, ngakhale kuti lamulo lotsegula makomo amenewa lidachedwa kufikira pa 30 September 2020 kuti liyambe kugwira ntchito.

Ine ndikuona kuti ufulu umenewu mwini wake weniweni ndi mayi wa kumudzi amene sadzaonana maso ndi maso ndi wopikisana aliyense, koma ayenera kusankha ndithu, mtolankhani angomusungira. Potero malamulo amene amanga mtolankhani ali oteteza mayi yemweyo. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC limapereka ziphaso kwa atolankhani kuti afike pamalo oponyera voti, koma chiphasocho sichilola munthu kusuzumira kapena kujambula pamene mnzake akuchonga, pakuti voti ndi yachinsinsi. Misonkhano yokopa anthu imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti kuponya voti kuyambe, ndipo mauthenga a zipani pa wailesi ayenera kulekera pomwepo. Wailesi ya MBC, popeza imayendera misonkho ya anthu a zipani zonse, ili ndi udindo wopereka mpata mosakondera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pa zisankho zambiri dandaulo lakhala lakuti imapendekera kwa olamula. Palinso chipondamthengo, kaenvelopu kamene andale amapatsira mtolankhani msonkhano ukatha. Wolandira kameneka, ngakhale alumbire chotani, dzanja lake limalemera polemba choipa cha womupatsayo.

Koma mayeso aakulu amadza dzuwa la chisankho likalowa. Mabokosi atsegulidwa m'kalasi ya sukulu ya pulaimale, mavoti awerengedwa pa kuwala kwa nyale, oimira zipani asayina, ndipo pepala la zotsatira lamatidwa poonekera kuti aliyense awerenge. Mtolankhani ali ndi ufulu wonse wowerenga manambala amenewo pa lamya kuti dziko limve, monga amachitira a wailesi ya Zodiak ndi anzawo usiku wonse, malinga anene momveka, ndi kubwerezanso, kuti zotsatirazi n'zosatsimikizika ndipo zachokera pamalo akutiakuti. Chimene saloledwa ndicho kulonga munthu ufumu, pakuti kulengeza wopambana ndi ntchito ya MEC yokha. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndipo mtolankhani wotola manambala pa WhatsApp, osafika pakhoma pamene pamatidwa pepala, akhoza ndi mphindi imodzi kutulutsa anyamata mumsewu ndi miyala m'manja.

Phindu la kuonetsetsa kotere tidaliona pambuyo pa chisankho cha pa 21 May 2019, pamene mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex adafika pamaso pa oweruza asanu ku Lilongwe, mawailesi naulutsa mlanduwo tsiku ndi tsiku, womasulira akutembenuzira m'Chichewa, kotero kuti pamene khothi lidafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, wogulitsa tomato pamsika adali atamva umboni ndi makutu ake. Atolankhani ena adamenyedwa pa zionetsero za miyezi imeneyo, ndipo bungwe loteteza atolankhani la MISA Malawi lakhala likudzudzula nkhanza zotere. Koma kudzudzula kokha sikukwanira ngati apolisi sagwira womenyayo, kaya avale nsalu ya chipani chiti.

Lamulo limapatsa MEC masiku asanu ndi atatu kuti ilengeze zotsatira za pulezidenti, ndipo mu 2025 idawatha onse: anthu adavota pa 16 September, wopambana nalengezedwa pa 24. M'masiku oterowo, pamene mbali iliyonse ikuitana atolankhani kuti idzitche yopambana, wailesi iyenera kunena kuti wakutiwakuti watero, ndi kuwonjeza pomwepo kuti MEC sidalengeze.